Miyezi itatu ya attachment ku Makata

Kalata ya ku dipatimenti yopemphera malo a attachment (kukaphunzira ntchito pa kampani usanamalize sukulu) ndinaitenga kudakali mwezi wathunthu kuti titsekere, n'kuichulukitsa makope asanu. Anzanga ambiri a ku yunivesite ya MUBAS (akuluakulu amaitchabe Poly ngakhale dzina linasintha mu 2021) ankangotumiza pa imelo n'kukhala chete kudikira. Ine ndinauyamba wapansi kuchokera ku Chichiri, kudzera pa Ginnery Corner mpaka ku Makata, dera la mafakitale mu Blantyre, geti ndi geti. Pa kampani ina yaikulu yopanga zakumwa, alonda anandinong'oneza kuti envelopu ndisasiye pageti, ndibwere m'mawa ndidzapereke m'manja mwa a HR, oona za antchito. Ndinatero. Patatha masabata awiri foni inalira.

Tsiku loyamba limathera pa za chitetezo. Anandipatsa ovolosi, nsapato zachitsulo kutsogolo ndi zotseka m'makutu, kenako ndinasaina pepala lolonjeza kuti za m'fakitale sizituluka kunja. Choncho zojambula makina n'kuika pa status ya WhatsApp muiwaliretu. Tsiku lomwelo funsani za ndalama mosachita manyazi: kodi ilipo ya thiransipoti, nanga nkhomaliro? Ine zinandipepukira chifukwa ndinkagona kwa azakhali ku Ndirande, kuntchito n'kongoyenda.

Sabata yoyamba ndinaiwononga ndekha. Ndinkakhala mwaulemu mu ofesi ya mainjiniya, manja pamiyendo, kudikira kuti supervisor wanga andiitane. Koma bwanawo akatuluka msonkhano uwu ankalowa winawo, ndipo fakitale siima chifukwa kwabwera wophunzira. Lolemba lotsatira ndinawapempha kuti ndizikakhala ku workshop. Anavomera msanga moti ndinazindikira kuti nawonso ankasowa kondiika.

Kumeneko ndinapeza kapitawo, bambo a imvi amene anayamba ntchito ine ndisanabadwe.

"Iwe wa ku yunivesite, tandipatsire sipanala ya 17."

Ndinapereka ya 19. Workshop yonse inafa nacho chiseko, ndipo dzina langa linakhala Naintini mpaka tsiku lomaliza. Sindinakwiye. Ndinkafika iwo asanafike, kusesa, kupukuta zida, kuwanyamulira bokosi. Pofika sabata yachitatu anayamba kundiitana okha: "Mwanawe, bwera udzamve ichi." Anagunditsa nsonga ya screwdriver pa mota, chogwirira chake n'kuchiika pakhutu langa. Bearing (kachitsulo kothandiza mota kuzungulira mosakhulana) yabwino imalira mosalala, yotha imakhala ngati mwalowa mchenga. Za kunjenjemera kwa makina tinaziwerengera m'kalasi ndi masamu ake omwe, koma khutu linali lisanamvepo. Anandiphunzitsanso kuti usanalowetse dzanja m'makina, uzimitse magetsi, ukhome loko wako pa switch, kiyi m'thumba mwako. Osati m'thumba mwa mnzako, ngakhale mumadyera mbale imodzi.

Komabe kunyamula bokosi sikungadzaze lipoti. Ndinafuna kantchito kotchedwa kanga. Ndinaona kuti lamba wonyamula mabotolo ankaimaima, anthu n'kukonza, n'kupitiriza, popanda wolemba timphindi tating'onoting'onoto. Ndinagula kope la hadikava n'kuyamba kulemba: waima nthawi yanji, kwa mphindi zingati, chifukwa chiyani. Oyendetsa makina poyamba ankandiyang'ana ndi diso lina, ankati ndine kazitape wa mabwana. Ndinawaonetsa kopelo kuti mulibe dzina la munthu, ndipo m'kupita kwa masiku anayamba kundiuza okha zomwe zachitika pa shifiti ya usiku. Nditaziika mu Excel patatha masabata anayi, zinaonekeratu kuti vuto lalikulu linali pa kona imodzi pomwe kachitsulo kotsogolera mabotolo kankakhwefuka, mabotolo n'kumagwa. Kapitawo anangoti, "Timadziwa kale." Zoona ankadziwa, koma pepala lopita nalo kwa mabwana analibe.

Logbook, buku lolembamo zomwe mwagwira, muzilemba tsiku lomwelo musanavule ovolosi, ndipo Lachisanu lililonse isainidwe. Mnzanga wina anaunjika zonse mpaka kumapeto. Aphunzitsi atabwera kudzatiyendera, anapeza masamba oyera, iye akukanda m'mutu kukumbukira zimene anachita mwezi wapitawo.

Mlendo ndi mame, ndiye kalata ya umboni woti munagwira ntchito musaisiyire tsiku lotsanzika. Ine ndinaipempha kutatsala masabata awiri, ndinapereka ndi ndandanda wa zomwe ndagwira kuti olembawo asavutike kuganiza, ndipo ndinaonetsetsa kuti ili pa pepala la kampani, yodindidwa. Ndinapemphanso mphindi khumi pa msonkhano wa m'mawa kuti ndionetse za lamba uja. Mawondo ankagundana, koma ndinayankhula, ndipo ndinanena poyera kuti zambiri ndinauzidwa ndi oyendetsa makina. Bwana wamkulu wa mainjiniya anandifunsa kuti ndimaliza liti sukulu, n'kulemba penapake.

Lachisanu lomaliza ndinabweza ovolosi kusitolo ya kampani, a HR anasaina fomu yotulukira, kenako ndinatsikira ku workshop ndi jumbo ya mandasi. Kapitawo anatenga awiri, anapukuta girizi m'manja, n'kuloza bokosi la zida.

"Naintini, usanapite, tandipatsire ya 17."

Ndinaitola osayang'ana nambala.