Lupu yathu yalumikizana, powolokera tapapeza

Loweruka lapitali tinazungulira koyamba lupu yonse, njira yathu yozungulira ya m'tchire yokweramo njinga zamoto, tonse anayi, osatembenuka panjira. Foni inawerenga makilomita 16. Ine ndinali pambuyo, nditakwera njinga yanga yamoto ya Yamaha AG200, amake ana patsogolo atakwera kwadi yaikulu (njinga yamoto ya matayala anayi), mnyamata wathu pa kakwadi kake ka injini ya 110cc, ndipo kamtsikana, ka zaka zisanu ndi chimodzi, kanali pakati, katakwera PW50 yake, kanjinga kamoto ka ana. Tinapuma katatu. Titafika pamene tinasiya galimoto ndi thirela, kanavula helemeti, nkhope yonse ili mbuu ndi fumbi kupatula m'maso, n'kufunsa kuti, "Adadi, tibwerezenso?" Mtima wanga unadzaza. Lupu imeneyi yandidyera masabata asanu, ndipo atatu mwa amenewo anathera pa mamita 400 okha, kufunafuna powolokera kamtsinje.

Anzathu a ku Lusaka akamva kuti tikusowa pokwera kuno ku Chipata amadabwa, amati tchire lili paliponse. Bwerani mudzaone. Pamene pali posalala ndi munda wa munthu, pamene pali chinyontho ndi dimba, ndipo mapiri amene azungulira tauni, monga Kanjala, ndi otsetsereka ndiponso amiyala yogubuduka, si a mwana wongophunzira kumene bureki. Tara ndiye sitiiganizira n'komwe. Great East Road ili ndi mathiraki opita ku Mwami, kumalire a Malawi, usana ndi usiku, msewu wa Mfuwe ndi tara, ndipo tinjinga ta ana tilibe manambala. Misewu yafumbi ya kumidzi nyengo ino yadzaza ndi malole a thonje, fodya ndi chimanga. Lole ikadutsa, mwana saona ngakhale dzanja lake.

Choncho tinalunjika kwawo kwa amake ana, cha ku msewu wa Chadiza, kumene ine ndine mkamwini. Usiku ndinkakhala ndi zithunzi za setilaiti pa Google Maps, kulondola timizere totuwa, kusunga njirayo mu fayilo ya GPX n'kuika mu OsmAnd, pulogalamu ya mapu ya pafoni yogwira ntchito popanda intaneti, chifukwa kumeneko netiweki imabwera ikafuna. Mikono iwiri ya lupuyo inapezeka mosavuta. Wa kum'mawa ndi njira ya ngolo yopita kumapiri kokatema nkhuni, makilomita 8, dothi lake lakatondo lolimba bwino, mchenga pang'ono m'makhotamo. Wa kumadzulo umabwerera m'mphepete mwa minda, makilomita 6. Pakati pa iwiriyi pali kamtsinje ndi dambo lake. Pamapu mpatawo sukwana ndi chikhadabo.

Ulendo woyamba ndinatsata kamzere kooneka bwino kodula pakati. Nditafikapo ndinapeza kuti ndi kanjira ka pakati pa madimba, mipanda ya udzu ndi minga uku ndi uku, kukula kwake kongokwana munthu wonyamula makheni awiri. Kwadi yaikulu imapitirira mita m'lifupi. Mkatimo muli matimati, repu, anyezi, nzimbe, ndi zitsime zosavundikira m'mbali mwenimweni mwa kanjirako. Mayi wina amene ankathirira anaima n'kumangondiyang'ana, kheni ili m'manja. Ndinazimitsa injini, kupereka moni, n'kuikankha njinga chobwerera. Ndiwo zimenezo ndi fizi ya ana ake, sindingadutsitsepo matayala.

Sabata yotsatira ndinayesa kumunsi kwa madimba. Dambo linkaoneka louma, long'alukang'aluka, ng'ombe zitapondaponda. Ndinalowa ndi giya yachiwiri. Mamita makumi awiri oyamba bwinobwino, kenaka tayala lakumbuyo linangoti phwathi m'matope. Makande amenewo: pamwamba chikhokho chouma, pansi phala lakuda. Ukawonjezera moto ndiye ukudzikumbira. Anandithandiza ndi anyamata awiri oweta ng'ombe, tinaigoneka chammbali, kuikoka chokwekweza, kuyala mapesi pansi, mpaka dzuwa linapendeka. Chimene chinandiwawa kwambiri chinali kunyumba. Chikesi chotsekera tcheni cha AG200, chimene ndimachitama tsiku lililonse chifukwa cha fumbi, chinali chitameza matope. Atauma anakhala ngati simenti. Madzulo awiri ndinali pansi ndi parafini ndi mswachi wakale, kumasula kesi, kutsuka tcheni limodzilimodzi, ndipo mabureki akumbuyo nawo ndinachita kutsegula diramu. Kuyambira pamenepo dambo ndimayamba ndaliyenda wapansi ndi ndodo yosongoka. Udzu ukakhala wobiriwira mu Julayi, pansipo pali madzi.

Ulendo wachitatu ndi umene ndikufuna anzanga okwera muumvetse. Kumtunda kwa madimba setilaiti inkaonetsa kankhalango kobiriwira bii, kozungulira, ndi njira yotakata yolowamo. Ndinaganiza kuti ndapeza, mthunzi womwe ulipo woti ana apumepo. Mwamwayi tsikulo ndinanyamula mlamu wanga kumbuyo. Titayandikira anandigwira paphewa mwamphamvu.

"Alamu, imani. Uko ayi, ndi kumanda."

Anandiuza motsitsa mawu kuti kuseri kwake ndiye kudambwe. Ine ndinakulira m'tauni, sindinagule njira, ndipo ndikanalowamo ndi chiphokoso cha injini, mawa lake n'kubweretsanso mkazi ndi ana, mlandu wake sukanathera pa nkhuku. Ndikanachititsa manyazi apongozi anga m'mudzi mwawo momwe. Malowo ndinawafufuta mu GPX pompo. Kuno kwathu mukaona pamapu mitengo yaitali yosadulidwa pafupi ndi mudzi, pamene kwina konse kuli minda, dziwani kuti pali chifukwa chimene nkhwangwa sinafikepo.

Apa m'pamene ndinasiya foni n'kuchita zimene ndinayenera kuyamba nazo. Atsibweni ake a amake ana ananditengera kwa amfumu. Tinanyamula shuga, sopo ndi mchere, tinakhala pansi, atsibweni n'kuyala nkhani yonse m'malo mwanga. Amfumu anamvetsera osadula mawu, kenaka anafunsa za mbuzi, za ana ang'onoang'ono amene amathamangira chilichonse cholira, ndi za moto. Anatipatsa malamulo atatu: kukakhala maliro sitikwera, pafupi ndi mjigo ndi pasukulu tiziyenda liwiro la munthu wapansi, ndipo mvula ikangoyamba mu Novembala tisiye mpaka anthu atakolola. Onse ndinawavomera ndi mtima umodzi, ndipo ana ndawaloweza pamtima.

Tili pafupi kutsazika, agogo ena amene anakhala chete nthawi yonseyi akusema mpini anati, "Nanga bwanji osadzera pamwala, pamene ngolo za mchenga zinkaolokera?"

Pamwala! Kilomita imodzi kumtunda, kutali ndithu ndi manda, mtsinje umayenda pamwamba pa thanthwe lathyathyathya, madzi osafika ndi m'kakolo momwe. Mikuyu ikuluikulu yaphimba pamwamba, n'chifukwa chake setilaiti sionetsa kanthu. Ndinadutsapo ndi chala pafoni mwina kakhumi. Ngolo zinasiya kudzerapo zaka zapitazo, ndiye polowera panali patamera, koma mikwingwirima ya matayala inali ikuonekabe pansi pa udzu.

Tinagwirapo masiku awiri, ine, mlamu wanga ndi anyamata aja oweta ng'ombe, ndi zikwakwa, makasu ndi wilibala. Chitedze chinatisambitsa tsiku loyamba, mikono yonse moto, mpaka tinadzipaka matope a mumtsinje momwemo. Tsidya lino panalibe vuto. Tsidya linalo potulukira panali popendekera kumanzere, ndipo njinga ya matayala awiri singasamale, koma kwadi pamalo opendekera ndi pamene imagudubuka, makamaka ili ndi mwana wopepuka amene sanazolowere kusuntha thupi. Tinakumba mbali yakumtunda, kudzaza miyala mbali yakumunsi, kutsira dothi n'kupondaponda mpaka chitunda chinaloza molunjika. Ndinakwerapo ndekha pa kakwadi ka 110 kasanu ndisanalole mnyamata. Pathanthwepo pali ndere pang'ono chakumanja, ndiye lamulo n'lakuti giya yotsika, moto wofanana, bureki osaigwira.

Za mphepo ya m'matayala nditchuleko, chifukwa yandithandiza pa chitunda chimenechi. Matayala a kwadi amafuna mphepo yochepa kwambiri, cha m'ma 4 kapena 5 psi (muyezo wa mphepo ya m'tayala), ndipo geji ya pafilingi siteshoni siiwerenga n'komwe. Miyezi yonseyi ndinkangoyesa ndi chala, osadziwa kuti tayala limodzi lakumbuyo linali lolimba kuposa linzake, n'chifukwa chake kakwadi kankakokera mbali imodzi. Geji yoyenera ndinaipeza kwa mdala wina wa sitolo ya masipeya ku Down Shops. Analibe, koma analemba m'kabuku kake, anaiitanitsa ku Lusaka, inabwera pa basi patatha masiku anayi. Mdala ameneyu ndi amene anandipezeranso jeti ya kabureta (kachitsulo kodutsira petulo) chaka chatha pamene ndinkadzutsa PW50 ija, imene ndinaigula itagona zaka m'galaja, petulo atasanduka utomoni. Kanjinga kameneka ndimakakonda: kalibe tcheni, kamayendera shafuti, kalibe magiya, ndipo kali ndi sikulu yochepetsera moto pa chogwirira. Ya kamtsikana ndaimasula pang'ono chabe, ikhala pomwepo mpaka chaka chamawa. Machubu ochindikala ndimagula kwa fundi wa pafupi ndi msika wa Kapata, chifukwa minga ya mthethe ya mkono wa kum'mawa siseka ndi munthu.

Mkono wa kumadzulo udakali ndi ntchito. Anyamata osaka mbewa akumba maenje m'mphepete mwa minda, ena obisika ndi mapesi, ndipo tayala laling'ono la PW50 likhoza kulowamo lonse. Kumene kwapsa lupsa kwatsala zitsa zakuda zosaoneka paphulusa. Ndamanga timapepala tofiira pa zimene ndaziona, koma mphepo ya Ogasiti ikubwera, ndiye ndifuna laimu kapena penti.

M'mutu mwanga tsopano muli ulendo waukulu. Ndikufuna kulumikiza njira za ngolo kuchokera kumeneku mpaka mbali ya Katete, kenaka tsiku lina kutsetserekera ku Msoro n'kukatulukira ku chigwa cha Luangwa osaponda tara, kugona panjira usiku umodzi kapena uwiri, galimoto ikutitsata ndi madzi ndi petulo. M'paki ya nyama ya kumeneko simulowa njinga zamoto, tikathera kunja. Amake ana akuti tiyambe taona ngati mnyamata angathe maola atatu pampando osadandaula. Ndayamba kale kulemba timizere pamapu, ndipo ulendo uno mudzi uliwonse ndiyambira kwa amfumu. Thirela nayo ikulira mabering'i a kumanzere, ndiyenera kuimasula Loweruka lisanafike.