Zimene ndaphunzira pa kadyedwe ka ku New Orleans: mbale ya gumbo imaulula khitchini yonse

Phunziro la zakudya za ku Louisiana, dera la kumwera kwa United States kumene kuli mzinda wa New Orleans, limayamba ndi msampha umene ngakhale Aamerika ambiri amakodwa nawo, wotenga Creole ndi Cajun ngati chinthu chimodzi. Munthu akapanda kumasula mfundo imeneyi poyamba, pepala la zakudya m'lesitilanti ya ku New Orleans limangokhala mawu achifalansa opanda mutu, ndipo amaitanitsa mongolota.

Creole ndi chakudya cha mumzinda. Afalansa anakhazikitsa New Orleans mu 1718 m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi. Kuyambira m'ma 1760 mzindawu unali m'manja mwa Spain, ndipo mu 1803 France anagulitsa dera lonselo ku United States. Pokhala mzinda wa doko, ophika ake ankapeza batala, tomato, vinyo ndi zokometsera zochokera kutali. Ambiri mwa ophikawo anali akapolo ochokera ku Africa ndi zidzukulu zawo, ndipo ndi manja awo amene analowetsa therere ndi luso lophika mpunga m'makhitchini a mabwana. Cajun ndi chakudya cha kumudzi. Anthu olankhula Chifalansa a ku Acadia, kum'mawa kwa Canada, anapitikitsidwa ndi Angerezi kuyambira mu 1755, ena n'kudzakhazikika m'madambo a kumwera chakumadzulo kwa Louisiana, chigawo cha mzinda wa Lafayette. Ankaphika zimene agwira m'dambo ndi nkhumba imene apha, zonse mumphika umodzi wachitsulo, ndi mafuta a nkhumba m'malo mwa batala. Kuchoka ku New Orleans kukafika ku Lafayette ndi maola oposa awiri pagalimoto.

Chakudya cha Cajun chinatchuka mumzinda mochedwa. Paul Prudhomme, mwana wa kumudzi pafupi ndi Opelousas, anatsegula lesitilanti ya K-Paul's mu 1979 n'kutchukitsa nsomba yotchedwa blackened redfish. Kaphikidwe kake: mnofu wopyapyala wa nsomba amauviika mu batala wosungunula, amauwaza zokometsera, n'kuuponya pachiwaya chachitsulo chotentha kwadzaoneni, mphindi ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali inayo. Anthu anaikonda mpaka boma linaletsa kugwira redfish ya malonda poopa kuti itha m'nyanja. Kuyambira pamenepo aliyense wothira tsabola wambiri m'chakudya anayamba kulemba "Cajun" pachikwangwani. Mwa kuona kwanga, apa ndi pamene mlendo amabetsa ndalama kwambiri. Chakudya chenicheni cha Cajun chimakhala ndi zokometsera zolowerera, koma si choti munthu n'kumatuluka misozi. Tsabola wowonjezera amakhala patebulo m'botolo, Tabasco wa ku Avery Island kapena Crystal amene eni mzinda amamukonda, ndipo aliyense amadzithirira yekha.

Mtima wa phunziro lonseli ndi roux, fulawa wokazinga m'mafuta, amene ndi maziko a gumbo, msuzi wa nyama kapena zam'nyanja wodya ndi mpunga. Amene wamvetsa roux amatha kuweruza khitchini ndi supuni imodzi.

Muyeso wake ndi kapu imodzi ya mafuta pa kapu imodzi ya fulawa, zokwanira msuzi wa malita pafupifupi atatu. Mphika ukhale wa chitsulo chochindikala, chifukwa wopyapyala umatentha malo amodzi n'kupsereza. Moto ukhale wapakatikati. Mukathira fulawa m'mafuta otentha, mthiko usaime, ndipo uzipala pansi ndi m'mphepete monse. Mtundu umasintha pang'onopang'ono: poyamba woyera, kenako wachikasu, kenako wa chiponde, pomaliza wa chokoleti. Kuti ufike pa chokoleti pamatenga mphindi 30 mpaka 45. Vuto limakhala kumapeto, pakuti kuchoka pa chokoleti kufika pa makala ndi nkhani ya masekondi. Mukaona timadontho takuda tikuyandama, roux yapserera ndipo palibe mankhwala ake. Kuithira mumsuzi ndi kuwononga nyama yonse, chifukwa kuwawa kwake kumalowerera ponseponse. Imatayidwa, n'kuyambanso. Roux ikakhala pamoto imatentha kuposa madzi owira kutali, ndipo ikadonthera pakhungu imakakamira, choncho mthiko wautali ndi wofunika.

Chimene chimaimitsa kupsa ndi masamba atatu amene ophika kumeneko amawatcha holy trinity: anyezi, celery ndi tsabola wobiriwira wosawawa uja. Makapu awiri a anyezi, kapu imodzi ya celery, kapu imodzi ya tsabola, zonse zoduladula kale roux isanayambe. Zimathiridwa roux ikangofika mtundu wofunika, ndipo madzi a m'masambawo amaziziritsa mphika. Amene amayamba kudula anyezi roux ili pamoto amabwerera pa makala. Msuzi wa mafupa umalowa pang'onopang'ono mukuvundula. Mukaukhuthula wonse nthawi imodzi, fulawa amapanga zibuluma ndipo mafuta amalekana n'kuyandama.

Pali chinthu china chimene poyamba chimaoneka ngati chotembenuka: roux ikada kwambiri, mphamvu yake yolimbitsa msuzi imachepa, popeza moto wautali umaphwanya sitachi wa mu fulawa. Choncho gumbo wakuda wa Cajun, wa nkhuku ndi soseji yofukiza ya andouille, amakhala wamadzimadzi ndithu, ndipo sikuti wophika walephera ayi. Roux yoyera ya batala, ya kaphikidwe ka Creole, imalimbitsa kwambiri koma fungo lake ndi lofatsa. Ndiye mbale ikabwera, yang'anani. Ngati ndi yakuda koma yolimba ngati phala, mwina awonjezera fulawa kapena sitachi kumapeto. Ngati pamwamba pali dziwe la mafuta, sanayengule. Ngati pali kuwawa kotsalira kummero, roux inapserera. Gumbo wabwino amakuta supuni pang'ono, ndipo mpunga woyera amauphika padera n'kuika pang'ono pakati pa mbale. Ku madera a Cajun ena amadyera gumbo ndi saladi wa mbatata za kachewere, kumuviika m'msuzi momwemo.

Zolimbitsa msuzi zilipo zina ziwiri. Therere lawo ndi lomwe lija lobala timalidziwa, koma cholinga chawo n'chosiyana ndi chathu. Ife timathira soda kapena chidulo kuti linande bwino, pomwe iwo amayamba alikazinga mphindi 20 kapena 30, nthawi zina ndi tomato, kuti kunandako kuchepe n'kutsala kongogwira msuzi. Chachiwiri ndi filé, ufa wa masamba ouma a mtengo wa sassafras, umene anthu a mtundu wa Choctaw ankagwiritsa ntchito Azungu asanafike. Filé amathiridwa mphika utachoka pamoto, kapena m'mbale momwemo, theka la supuni yaing'ono basi. Akawira amapanga ulusi wonanda wosasangalatsa pakamwa. Gumbo wa zam'nyanja ali ndi lamulo lake: shrimp, tizinyama ta zikamba ta m'nyanja, zimalowa mphindi zisanu zomaliza. Zikakhalitsa zimakhwinyata n'kulimba, ndipo lesitilanti yosunga mphika pamoto tsiku lonse imadziwika ndi chimenechi.

Pa jambalaya, mpunga wophikira limodzi ndi nyama mumphika umodzi, chizindikiro ndi tomato. Wofiira, wa tomato, ndi wa Creole. Wabulawuni ndi wa Cajun, ndipo mtundu wake umachokera ku nyama yokazingidwa mpaka itasiya nkhoko pansi pa mphika, zimene msuzi umadzatakasa. Muyeso ndi kapu imodzi ya mpunga pa makapu awiri a msuzi. Akavundikira savundulanso, apo ayi mpunga umaphwanyika n'kukhala phala. Étouffée ndi crawfish (tinkhanu ta m'madzi opanda mchere) kapena shrimp zophika m'msuzi wolimba wa batala, wothira pamwamba pa mpunga.

Tsiku la sabata limasinthanso zimene zili pamoto. Lolemba ndi la nyemba zofiira ndi mpunga. Kale Lolemba linali tsiku lochapa, ndiye amayi ankateleka nyemba ndi fupa la nkhumba lotsala Lamulungu, n'kuzisiya zikubwata okha ali pa zovala. Mpaka lero malesitilanti ambiri amaziika Lolemba, ndipo ndi chimodzi mwa zakudya zotsika mtengo zokhutitsa. Nyemba zabwino zimakhala zoti zina zaphwanyika n'kusanduka msuzi wokandapala. M'nyengo ya Lenti, Lachisanu ndi la nsomba, pakuti mzindawu uli ndi Akatolika ambiri. Lachinayi Loyera, lesitilanti ya Dooky Chase's ku Tremé imaphika gumbo z'herbes, gumbo wa masamba osiyanasiyana amene chiwerengero chake chimayenera kukhala chosagawika pawiri. M'lesitilanti imeneyi ndi mmene wophika wotchuka Leah Chase anaphika kwa zaka zoposa 70 mpaka imfa yake mu 2019, ndipo m'chipinda chapamwamba cha nyumbayi atsogoleri omenyera ufulu wa anthu akuda ankachitiramo misonkhano nthawi imene lamulo linkaletsa akuda ndi oyera kudyera pamodzi. Amene akufuna kulawa Creole ya mabanja a anthu akuda ayambire kumeneko.

Masana anthu ambiri amadya po'boy, sangweji ya buledi wautali wokhala ndi khungu lopyapyala lokhukhuta ndi mkati mopepuka. Mbiri yake imalumikizidwa ndi sitiraka ya ogwira ntchito m'masitima a mumsewu mu 1929, pamene abale awiri, Bennie ndi Clovis Martin, ankadyetsa onyanyala ntchitowo ulere. Woperekera adzafunsa ngati mukuifuna "dressed". Mukavomera ndiye kuti aikamo letesi, tomato, nkhaka zoviika m'viniga ndi mayonesi. Ya shrimp kapena oyster (nkhono za m'nyanja) zokazinga idyeni pomwepo, chifukwa ikakhala m'pepala mphindi 15 nthunzi imafewetsa zonse. Ya nyama ya ng'ombe imabwera ndi msuzi wa tizidutswa totsalira mumphika, ndipo imadontha mpaka m'zigongono. Muffuletta ya ku Central Grocery, sitolo ya mu 1906 pamsewu wa Decatur, inachokera kwa anthu a ku Sicily. Ndi buledi wozungulira wodzaza nyama zoumitsa, tchizi ndi maolivi, ndipo yathunthu imakwanira anthu awiri kapena kuposa, choncho munthu mmodzi aitanitse theka. Ku Café du Monde, imene inayamba mu 1862, beignet amabwera atatuatatu: mandasi a ngodya zinayi okwiriridwa ndi shuga waufa, omwera khofi wosakaniza ndi mkaka ndi chicory, muzu wokazinga wowawirira. Malaya akuda si oti n'kuvala pamenepo.

Malesitilanti akale ali ndi malamulo a kavalidwe, ndipo sachita nawo nthabwala. Antoine's inatsegulidwa mu 1840 ndipo ndiko kunabadwira Oysters Rockefeller, oyster zowotcha m'chikamba ndi batala ndi masamba. Galatoire's ya mu 1905, pamsewu wa Bourbon, imafuna amuna avale jekete madzulo ndi Lamulungu, ndipo nkhomaliro yake ya Lachisanu imatha kufika mpaka dzuwa kupendeka. Commander's Palace ku Garden District imadziwika ndi supu ya kamba wam'madzi, ndipo makabudula salowa. Malo oterewa amafuna kusungitsa tebulo pasadakhale, makamaka m'nyengo ya zikondwerero zikuluzikulu za Mardi Gras ndi Jazz Fest. Nkhomaliro imatsika mtengo kusiyana ndi mgonero, pomwe khitchini ndi yomweyo. Dzina limodzi limasokeretsa: barbecue shrimp, yotchuka ku Pascal's Manale, siyowotcha pamakala. Ndi shrimp za mitu yomwe, zophika mu batala wambiri, tsabola wakuda ndi sosi wa Worcestershire, zosenda ndi manja n'kumasusa msuzi ndi buledi.

Crawfish, tinkhanu ta m'madzi opanda mchere, tili ndi nyengo yake. Timayamba kumayambiriro kwa chaka, timachuluka kuyambira Malichi mpaka Meyi, n'kumatha cha mu Juni. Timagulitsidwa pa kulemera, ndipo munthu mmodzi amafunika mapaundi atatu mpaka asanu, kutanthauza kilogalamu imodzi ndi theka kapena awiri, chifukwa nyama ili kumchira kokha ndipo zambiri ndi zikamba. Kadyedwe: potozani mutu uchoke, yamwani msuzi wa m'mutumo ngati mukufuna, sendani mphete yoyamba ya mchira, tsinani kunsonga, nyama ituluka. Crawfish zowiritsa zimene mungapeze mu Okutobala kawirikawiri zimakhala za mufiriji, ndipo michira ya mu étouffée yotsika mtengo imatha kukhala yochokera kunja kwa dziko. Kufunsa ngati ndi za ku Louisiana si mwano, amakuyankhani.

Oyster zosaphika zimafuna kusamala. M'miyezi yotentha madzi a Gulf of Mexico amakhala ndi bakiteriya wotchedwa Vibrio vulnificus, amene amatha kupha munthu wodwala chiwindi, shuga, kapena amene chitetezo chake cha m'thupi n'chofooka. Mandimu, tsabola kapena mowa sizimupha, koma moto wokha. Anthu otere asankhe zokazinga kapena zowotcha m'chikamba ndi batala ndi adyo, zimene lesitilanti ya Drago's inatchukitsa.

Kwa Asilamu, a Seventh-day Adventist ndi ena osala nkhumba, mzindawu ndi wovuta ndithu, chifukwa nkhumba imabisala. Andouille, tasso (nyama yofukiza) ndi boudin (soseji ya mpunga) zonse ndi za nkhumba. Nyemba za Lolemba zili ndi nkhumba, masamba ophika nthawi zambiri amakhala nayo, ndipo ngakhale gumbo wolembedwa kuti ndi wa zam'nyanja amatha kukhala ndi soseji. Kuchotsa zidutswa m'mbale sikuthandiza poti mafuta analowa kale mumsuzi. Funsani za msuzi weniweniwo ndi mafuta a roux. Nsomba yophikidwa payokha, monga trout meunière kapena amandine, imene ndi ya batala ndi mandimu, ndiyo yosavuta kuitsimikiza.

Mitengo yolembedwa papepala la zakudya si imene mudzalipire. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa pafupifupi 10 pa 100, kenako tip ya woperekera, 18 mpaka 20 pa 100. Tip imeneyi si mphatso yongofuna. Lamulo la dziko limalola bwana kulipira woperekera $2.13 yokha pa ola, ndipo Louisiana ilibe lamulo lakelake lokweza malipirowo, ndiye moyo wa woperekera uli pa tip. Chakudya cha $50 chiwerengereni $65. Mukakhala gulu la anthu asanu ndi mmodzi kapena kuposa, malo ambiri amaikiratu tip mu bilu, choncho werengani mzere uliwonse musanawonjezere ina.