Nkhomaliro yaulere ku America siyeza umphawi monga kale

Ku America, ofufuza za maphunziro akafuna kudziwa kuti sukulu ya pulayimale ili ndi ana osauka angati, kawirikawiri amangowerenga ana amene amalandira nkhomaliro yaulere kapena yotsitsidwa mtengo. Pulogalamu ya chakudyayi inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1946 ndipo imayendetsedwa ndi unduna wa zaulimi, USDA. Sukulu imene ana oposa 75 pa 100 alionse ali m'gululi imatchedwa ya umphawi waukulu.

Malire ake ndi awa. M'chaka cha sukulu cha 2024-25, mulingo wa umphawi wa banja la anthu anayi unali $31,200 pachaka. Mwana ankadya kwaulere ngati banja likupeza zosapitirira 130 peresenti ya mulingowo, kutanthauza $40,560. Kuchoka apo kufika 185 peresenti, $57,720, ankalipira masenti osapitirira 40 pa mbale. Ndiye mwana wa banja lopeza $10,000 ndi wa banja lopeza $55,000 amalowa m'chiwerengero chimodzi, chikhalirecho wachiwiriyo boma lomwelo silimuona ngati wosauka.

Fomu yopemphera chakudyachi nayo ili ndi zake. Kholo limalemba lokha ndalama zimene limapeza, ndipo akuluakulu amatsimikizira mafomu pafupifupi 3 pa 100 basi. Mwana akavomerezedwa amakhalabe m'kaundula chaka chonse ngakhale makolo atapeza ntchito yabwino. Enanso osaukitsitsa salemba n'komwe, chifukwa cha manyazi kapena Chingerezi chovuta.

Chimene chinasokoneza kwambiri ndi Community Eligibility Provision, yochokera m'lamulo la 2010, imene inafika dziko lonse mu 2014. Sukulu yolowa m'dongosololi imadyetsa mwana aliyense kwaulere ndipo imasiya kutolera mafomu a chakudya. M'malo mwake amawerenga ana odziwika kale m'mabuku a boma, monga a mabanja olandira SNAP, thandizo la boma logulira chakudya. Kuti sukulu ilowe m'dongosololi, poyamba anawa ankafunika kukwana 40 peresenti, koma mu 2023 anatsitsa kufika 25. Chiwerengerocho amachichulukitsa ndi 1.6 kuti apeze mbale zimene boma lilipire pa mtengo wathunthu: sukulu ya 50 peresenti imalipiridwa 80 peresenti. Kwa ana zimenezi n'zabwino ndithu. Kwa wowerengera ndi mutu wopweteka, poti sukulu yomweyo ikhoza kulembedwa 50, 80 kapena 100 malinga ndi amene walemba lipoti. Maboma a zigawo za California ndi Maine anayamba kudyetsa ana onse kwaulere mu 2022, ndipo kumeneko kholo lilibenso chifukwa chenicheni chovutikira ndi fomu.

Choncho musanayerekeze sukulu ziwiri, funsani ngati nambalayo yachokera m'mafomu kapena m'kaundula wa SNAP, ngati yachulukitsidwa ndi 1.6, komanso chaka chimene sukuluyo inalowa m'dongosololi. Nambala ikakwera mwadzidzidzi chaka chomwecho, n'kawerengedwe kamene kasintha. Kaundula wa SNAP ndi wodalirikako, komabe amasiya mabanja obwera kumene m'dzikomo amene saloledwa kulandira thandizolo kapena amaopa kulipempha.