Sabata yachisanu ndi chiwiri: kababu kaphethira pamkono panga

Sabata yachisanu ndi chiwiri ya ntchito yanga yofuna kuyatsa kababu ka LED ndi kutentha kwa thupi lokha yatha, ndipo lero ndikhoza kulemba kuti kababuko kayamba kuphethira, ngakhale kuti sikanafike poyaka mosalekeza monga ndinkalakalakira.

Chipangizo chomwe ndikugwiritsa ntchito ndi TEC1-12706, kambale koyera ka mamilimita 40 mbali zonse, komwe mkati mwake muli timibulu ta bismuth telluride tolumikizidwa tiwiritiwiri m'magulu 127. Anakapangira kuziziritsa zinthu akakapatsa magetsi, koma mbali imodzi ikafunda pamene inayo ili yozizira, nako kamatulutsa magetsi, mogwirizana ndi zimene Thomas Seebeck anatulukira m'chaka cha 1821. Pa kambale kotere, mbali ziwirizi zikasiyana ndi digiri imodzi, pamatuluka mamilivolti pafupifupi 50 (mamilivolti 1,000 ndiwo amapanga volti imodzi).

Poyamba ndinali ndi chiyembekezo chachikulu, chifukwa munthu amene wangokhala pansi amataya kutentha kokwana mawati pafupifupi 100. Chimene sindinachiganizire bwino ndi chakuti kutenthako kumatulukira pakhungu lonse, ndipo kambale kanga kamangogwira kachigawo kochepa kwambiri. Tsiku loyamba nditakagunditsa pamkono, mita yoyezera magetsi inalumpha kufika pa mamilivolti 140, mtima wanga nuchita kuti myaa, koma mphindi ziwiri zisanathe nambalayo inatsika pang'onopang'ono mpaka pa 12. Nditakhudza pamwamba pa kambaleko ndinapeza kuti napo pafunda ngati pansi pomwe. Kutentha kunalowa, koma kunalibe kotulukira.

Masabata anayi apitawa ndawathera pa mbali yozizirayo basi. Ndinachotsa heatsink ya aluminiyamu, chitsulo chomwaza kutentha mumpweya, mu kompyuta yakale, ndinaidula ndi sowo kuti ichepe, ndinapaka phala loyera lija lopititsa kutentha pakati pa iyo ndi kambale, kenako ndinamanga zonse pamkono ndi mphira wa chubu cha njinga. Mphirawo ukalimba kwambiri dzanja limachita dzanzi, ukakhwefuka pang'ono mpweya umalowa pakati ndipo nambala imagwa nthawi yomweyo. Pokweza mphamvu ndinaika kabolodi ka LTC3108, kamene kamayamba kugwira ntchito pa mamilivolti 20 okha, n'kumasunga magetsiwo mu kapasita.

Lachiwiri m'mamawa, kuno ku Dedza chisanu cha mu Juni chitagwira mpaka zala kuuma, ndinatuluka nditapinda mkono wa juzi. Ndikuyenda moyang'anana ndi mphepo, mita inakhazikika pakati pa 40 ndi 48, ndipo patapita kanthawi kababu kofiira kanaphethira koyamba. Ndinaima pamsewu kukayang'anitsitsa kwa nthawi yaitali. Nditabwerera m'nyumba, momwe mphepo sifika, kanasiya.

Zimenezi zandithandiza kumvetsa ntchito za anthu amene ananditsogolera. Wotchi ya Seiko Thermic, imene inatuluka mu 1998, inkayendera kutentha kwa mkono chifukwa wotchi imadya magetsi ochepa zedi. Ann Makosinski wa ku Canada, amene anapambana m'gulu la msinkhu wake pa Google Science Fair mu 2013 ali ndi zaka 15, anaika timbale totere pa paipi ya aluminiyamu yamphako kuti mpweya uzidutsa mkati n'kumaziziritsa. Kwa ine nzeru yeniyeni ya tochi yakeyo inali mphakoyo. Za kutchaja foni ndazisiya ndi mtima umodzi, pakuti foni imafuna mawati, pamene ine ndikupeza kachigawo chabe ka miliwati imodzi.

Nkhawa yanga tsopano ndi Okutobala, pamene mpweya udzatenthe n'kuchepetsa kusiyana kwake ndi madigiri 33 a khungu la pamkono. Ndayamba kulemba m'kope kutentha kwa kunja ndi nambala ya pa mita m'mawa uliwonse, ndipo Loweruka ndidzapala m'mbali mwa heatsink, chifukwa yang'amba kale juzi yanga pawiri.