Kapolo sapuma

Lamlungu lapitali ndinazimitsa foni m'mawa n'kuitsekera m'kabati. Pofika masana dzanja linali litalowa kale m'thumba katatu kuifunafuna. Ndinadziseka ndekha, kenako manyazi anandigwira.

Masiku ano ndikuwerenga Deuteronomo 5. Ambirife tinazolowera lamulo la Sabata la pa Eksodo 20, lotikumbutsa kuti Mulungu analenga zinthu masiku 6 n'kupuma tsiku la 7. Koma pa Deuteronomo chifukwa chake n'china: kumbukira kuti unali kapolo ku Iguputo. Kapolo sapuma, abale anga. Ndipo lamulolo silikunena za iwe wekha ayi. Likutchula mwana wako, wantchito wako, mlendo, ngakhale ng'ombe ndi bulu. Apa m'pamene pandilasa mtima. Kangati ndapita kutchalitchi nditatchena, kunyumba nditamusiyira wina mulu wa zochapa kuti ine ndipume bwino?

Nkhani ya mana nayonso, chakudya chija Mulungu ankapatsa Aisraeli m'chipululu. Tsiku la 6 ankatola a masiku awiri ndipo sankaola, pomwe masiku ena akasunga ankachita mphutsi. Komabe ena anatuluka tsiku la 7 kukatola, sanapeze kanthu. Ine ndikanakhala m'gulu lomwelo, sindikukana.

Kaya mumapuma Loweruka kaya Lamlungu, lomwe mfumu Constantine inalamula mu 321 kuti likhale lopuma mu ufumu wa Roma, mkangano umenewo ndausiya kaye. Lamlungu likubwerali foni ibwereranso m'kabati, ndipo wondithandiza ntchito za pakhomo ndamuuza kale kuti tidzaonane Lolemba.