Makhadi 45 ndi mwala wa kumwamba

Ndimafuna kugona koma tulo takana, ndiye ndangodzuka kuti ndilembe. Deki ija ili pompa pa mphasa, ndaimwaza m'timilumilu, ndipo khadi lililonse ndikaliyang'ana likuoneka ngati likundidandaulira kuti ndisalichotse.

Nkhani yake ndi ya masana kusitolo ya makhadi komwe timasewera Yu-Gi-Oh!, masewera omenyanitsa zilombo za pa makhadi, Loweruka lililonse kuno ku Joni. Masewero oyamba sindikuwakumbukanso bwino. Achitatu ndiwo andikhala pamtima. Ndinayamba ndine, dzanja lili bwino lomwe: chilombo chotchedwa Mo Ye pansi, ndaonetsa khadi la mtundu wa Wyrm la m'manja, token (kachilombo kobadwa ndi mphamvu ya khadi lina) yatuluka, ndaphatikiza ziwirizo n'kutulutsa Chixiao, ndatola khadi, ndakatenga Longyuan mu deki. Zala zimangoyenda zokha, poti njira imeneyi ndaibwereza kambirimbiri ndili ndekha kunyumba. Longyuan pansi, token ina pambali pake. Mnyamata amene ndimasewera naye, amene anali duu nthawi yonseyi, anangofunsa mwaulemu kuti, zakwana zisanu eti? Ndisanayankhe, Nibiru, khadi la mwala wa kumwamba, anali kale patebulo.

Amene sasewera sangamve kuwawa kwake. Khadi limeneli linatuluka mu 2019, ndipo ntchito yake ndi imodzi: ukangoitana zilombo zisanu pa ulendo umodzi, limasesa zonse zimene zili poyera, n'kukusiyira token imodzi yonenepa koma yopanda nzeru. Ma token nawo amawerengedwa. Ndimadziwa zimenezi. Ndakhala ndikuwauza ena zimenezi! Koma Chengying, chilombo chachikulu chimene ndimafuna kutulutsa, anali pafupi, sitepe imodzi yokha, ndiye dyera linandigwira.

Komatu si Nibiru amene wandisowetsa tulo. Ndi achimwene ena akumudzi, amene anayamba masewerowa ine ndisanadziwe n'komwe kuti Synchro, kuphatikiza zilombo kuja, n'chiyani. Titamaliza anati tabwera nayo kuno dekiyo. Anayamba kuwerenga khadi limodzilimodzi, pang'onopang'ono ngati akuwerenga ndalama za chopereka. Atafika pa 40 sanaime. Anandiyang'ana, n'kupitiriza mokweza: 41, 42, mpaka 45.

"Iwe, asanu enawa ndi alendo a ndani?"

Ndinati achimwene, malamulo amalola mpaka 60. Iwo anati malamulo amalolanso kuluza. Kenako anatenga foni n'kundiwerengera. Makhadi oyambitsa kombo, mndandanda uja wa kuitana zilombo motsatizana, ndili nawo 9: Mo Ye atatu, Ecclesia atatu, Emergence atatu. Mu deki ya 40, mwayi woti limodzi mwa amenewa lipezeke pa makhadi asanu oyamba ndi pafupifupi 74 pa 100. Mu deki ya 45 umatsika kufika pa 69. Ndinati kusiyana kwake n'kochepa. Anati chabwino, ukadzakhala pa tebulo lomaliza uli ndi dzanja la njerwa zokhazokha, makhadi osasewereka, udzawauze anthu kuti kusiyana kunali kochepa.

Chimene chinandipweteka n'choti anayamba kuloza asanu aja, ndipo lililonse ndinali ndi nkhani yake. Ili ndinaliika nditaluza kwa munthu wa makhadi a misampha ambiri mwezi watha. Ili ndinaliika chifukwa Ash Blossom, khadi loletsa kutenga makhadi mu deki, anandidula pa Emergence kawiri tsiku limodzi. Ili silichita kanthu likabwera m'manja, limafunika likhale mu deki kuti ndikalitenge, mtundu uja anzathu amautcha garnet, dzina lochokera kwa Gem-Knight Garnet amene anthu ankamuika chifukwa cha khadi lina lotchedwa Brilliant Fusion n'kumapemphera kuti asamutole. Iwo anangoseka, amvekere deki yako yasanduka kaundula wa maliro, aliyense amene anakugonjetsapo wamupatsa malo ogona. Za masiku amodzi-amodzi zimenezo malo ake ndi Side Deck, mulu wapambali wosinthira makhadi, muli mipata 15, bwanji ukuzisenza masewero onse?

Sindinayankhe. Ndinangoti ndamva, mwa ulemu uja wa munthu amene sanamve.

Mu taxi pobwerera ndimangokangana nawo mumtima. Ndi khalidwe langa loipa limeneli, mayankho abwino amandifikira nkhani itatha. Ndimafuna kuwauza kuti masamu awo sadziwa anthu amene ndimakumana nawo Loweruka. Ndimafuna kuwauzanso kuti lero sindinaluze chifukwa cha 45, dzanja linali labwino, ndinaluza chifukwa sindinaime pa Chixiao. Koma pamenepo mpamene zikundisokoneza, chifukwa ndikanena choncho ndiye kuti vuto si deki, ndine. Kuchotsa khadi n'kosavuta kuyerekeza ndi kuphunzira kusiya kombo pakati, zala zikuyabwa, Longyuan ali m'manja. Ukaima pa zitatu, bwalo lako ndi lofooka, mnzako akhoza kungodutsa. Ukapitiriza, ukudalira kuti mwala kulibe. Ndipo anthu ambiri alibedi, n'chifukwa chake chizolowezicho sichitha.

Tiyi wazizira. Ndachotsa awiri, tsopano ndi 43. Ndasakaniza n'kudzigawira manja khumi oyeserera, asanu ndi awiri anali osewereka, zomwe sizikutsimikiza chilichonse. Lachitatu loti lichoke ndaligwira kwa nthawi ndithu. Ndi lija ndinagula ndi ndalama ya thiransipoti n'kuyenda wapansi kuchokera kusitolo, chojambula chake chimawala ukachipendeketsa. Ndaliika pa mulu wa zochoka, kenako ndalibweza, pano lili pakati pa milu iwiriyo, ndipo mawa ndi tchalitchi cha m'mawa.