Za chitsononkho chija, imvani kwa mwini wake

Anyamata a kabaza a pa Kamuzu Road, lekani kundiitana "a Chitsononkho". Theka la inu panalibepo n'komwe.

Malume amayendetsa pikapu ya bwana wina wa mipikisano ya njinga zodumpha zitunda zija. Loweruka bwanayo atathana ndi mchenga wa ku Senga Bay, malume anatsitsa njinga yake yamoto ya Yamaha YZ250 pagalaja panga kuti ndiitsuke, m'mawa ipite ku Lilongwe. "Mphwanga, madzi asalowe mu ekizozi." Eni ake amatsekapo ndi kachivinikiro ka mphira. Ine ndinatola chitsononkho n'kukhomerera ndi sipanala. Madzi analowa? Sanalowe. Pamenepo mundipatse ulemu wanga.

Siponji ya fyuluta ndinachapa, n'kuyanika, n'kupaka oyilo. Tcheni ndinadzoza. Njinga mbee!

M'mawa malume akuti, "Tailiza timve." Abale, njinga imeneyi ilibe kiyi, ilibe nyali, ilibe ngakhale sitandi, ndipo mpando wake ndi wotalika pafupifupi mita imodzi. Msinkhu wanga mukuudziwa. Ndinakwera pa kireti ya Fanta, malume atagwira handulo, n'kuyamba kuponda kika. Zii. Ndinasintha pulagi. Zii. Ndinamasula kabuleta, n'kuuzira, n'kubwezera. Ndinanyoza amene anasakaniza petulo ndi oyilo, munthu woti sindimudziwa. Agogo ena odutsa anati njingayo aimanga, ine ndinavomera ndi mtima wonse.

Ulendo wa 40 kapena wa 400, mwendo ndiwo ukudziwa, tinangomva phuu! Chitsononkho chinatuluka ngati chipolopolo, chakuda bii, chikufuka utsi, n'kudutsa pamwamba pa mbuzi, n'kukagwera m'beseni la mandasi la amayi a tsidya lija. Onse chete. Injini yokha ndiyo inkalira ngati njuchi zolusa. Amayi aja anachitola ndi zala ziwiri, n'kuchitembenuza uku ndi uku, n'kuchinunkhiza, kenako anawoloka msewu mosafulumira, chili m'mwamba ngati kandulo.

"Achimwene, chanu ichi?"

Ndinayang'ana mbuzi.

Kukweza njingayo pa pikapu ndiye ndinakweza bwino: petulo wotseka, tayala lakutsogolo litagunda kabini, malamba awiri pa handulo, kukoka mpaka mashoko atatsika pang'ono. Zimenezo palibe akuzikamba.

Mandasi 12 ndinalipira ndekha. Malume anadyako atatu, akuti ndalama yotsukira tikambirana akabwera.